Jenereta Ikupsa M'kati

Lachitatu

mlongo, 10:12
achimwene ndinu mwazimitsa magetsi eti?? kasitomala wanga ali mu dryer tsitsi lonyowa, akundiyang'ana ngati ndamubera mwamuna

mlongo, 10:31
mukuwerenga koma osayankha. bho

achimwene, 11:47
ndine. ndazimitsa jenereta yaikulu kuno ku power station. alamu inalira

mlongo, 11:48
alamu alira chani, mwawatani?

achimwene, 11:48
osati akazi anga iwe, alarm

achimwene, 11:52
🎤 voice 0:41
Tamvera. Jenereta ija timaiziziritsa ndi gasi, hydrogen. Mawaya a m'kati ndi okutidwa, ndiye chokutiracho chikayamba kupsa chimatulutsa kautsi kosaoneka ndi maso. Pali kamakina konunkhiza gasiyo, ndi kamene kalira. Ndadutsitsa gasi mu sefa kuti ndione ngati kakunama. Sikakunama, sefa itagwira kautsiko kanasiya kulira. Chinthu chikupsa m'katimo.

mlongo, 11:55
salon yanga nayo ikupsa. makasitomala onse athawa

achimwene, 13:20
abwana akuti ndi nthunzi ya oil chabe, ndikanadikira weekend. akuti ndawachititsa manyazi pamaso pa alendo a ku head office

achimwene, 13:21
ndidikire?? mpaka iphulike anthu anga ali pompo?

mlongo, 13:40
ndiye?

mlongo, 15:05
achimwene

alamu, 16:18
mlamu, achimwene anu afika. awalanda ID pa gate ngati wakuba. suspension mpaka makina atsegulidwe. angokhala pa mpando, nsapato osavula

mlongo, 16:19
chaniii? munthu sanajombepo ngakhale tsiku la maliro a bambo! ndipatseni number ya abwanawo

alamu, 16:19
ayi ndithu, pakamwa panu ndimapadziwa

Lolemba

achimwene, 09:33
📷 chithunzi
atsegula jenereta ija, anzanga anditumizira ichi. wawona kudako? chokutira chasanduka makala, waya watsala pang'ono kukhudza chitsulo

mlongo, 09:34
mayo ine. abwana apepesa?

achimwene, 09:50
atumiza message ku group ya kuntchito. akuti "chifukwa cha kuchenjera kwa management tapulumutsa makina"

mlongo, 09:50
MANAGEMENT??? amene amati oil aja? alibe manyazi

achimwene, 09:51
anthu akuikapo timanja towomba. ine andichotsa mu group, screenshot wanditumizira ndi wa ku lab

mlongo, 09:53
nanga kuntchito mubwerera liti?

mlongo, 12:10
achimwene, akuti liti?