Mpala Wanga ndi Makina a Tione

Malemia, Domasi

Mwana wanga Yoswa,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi akazi ako ndi ana. Kuno tadzuka, kupatula bondo langa lija lodziwa za mvula kuposa a pawailesi. Mpunga tamweta, mbalame zatisiyirako ndithu.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni umalankhula ngati akukuthamangitsa, ine ndisanatsegule pakamwa wadula kale.

Nkhani ndi ya makina opetera mabaji a yunifolomu amene anasiya malemu mlongo wako Tione. Unalamula kuti popeza makinawo anafa, abwere mnzako wa ku Liwonde wogula zitsulo adzanyamule mwezi ukatha. Ndiwe malume, sindikukana. Koma makina amenewo ndiwo munda wa Jacinta. Mayi ake sanamusiyire china.

Tsono imva. Mwanayu anamasula makina aja n'kutulutsamo kanthu kakuda, kotalika ngati chala, ka miyendo yambirimbiri ngati bongololo, kali ndi kawindo kagalasi pamsana. Akuti dzina lake chipu, ndipo ndimo mukhala nzeru zonse za makina. Kawindoko kanali komatidwa kapepala. Kapepalako kanamatuka kalekale, kuwala n'kumalowa, nzeru n'kumafufutika pang'onopang'ono. Ndiye makina sanafe ayi, anangosokonezeka mutu.

Nzeru zatsopano anakatenga kwa aphunzitsi ake akale a zamagetsi, ali nazo pa laputopu. Koma akuti sungalembe pamwamba pa zakale, kayambe kayera konse mbee ngati sileti. Chofufutira chake ndi kuwala kumene akuti yuvi, kumene kumapezekanso m'dzuwa koma pang'ono.

Ndinati dzuwa ndiye sitigula. Tinakayanika palichero padenga, ine pansi ndi ndodo kulondera akhwangwala. M'mawa mwake chiperoni chinatsika m'phiri n'kukhazikika ngati mlendo wopanda manyazi. Masiku akupita, dzuwa osaoneka, tsiku la mnzakoyo likuyandikira.

Apo Jacinta anakumbukira kuti Alaudin, wometa uja wa pa Songani, ali ndi kabokosi ka nyali yabuluu yophera tizilombo pa zipeso ndi makina ometera, ndipo akuti kuwala kwake ndi komweko. Koma mwanayu anachita manyazi kupitako, ati mumakhala amuna okhaokha. Ndinamuuza kuti amuna ndinabereka, palibe chachilendo, tiye.

Alaudin anakana. Ati saika zinthu zosadziwika m'bokosi lake, mwina ndi mankhwala othawitsa makasitomala. Ndinamukumbutsa kuti ndikanafuna kumulodza ndikanatero ali wakhanda, pamene ankandikodzera kumsana mayi ake ali kudimba. Benchi yonse inagwa ndi phwete.

Anavomera, koma anabwera ndi china. Jacinta anali atanena kuti bokosilo likhale chitsekere kanthawi ndithu, ndiponso nyali imeneyo siyang'anidwa, imawotcha maso. Alaudin anati sizingatheke, kasitomala aliyense akakhala pampando iye amatsegula kutengamo zipeso. Mnyamata wina wandevu za mbuzi anaonjeza kuti agogo azipita akalere adzukulu, anthu akuchedwa ku minibasi.

Yoswa, ndinavula duku.

Ndinakhala pampando paja n'kunena kuti kasitomala wotsatira ndine, atenge zipeso zake kamodzi, aike chipu, atseke, andimete mpala, ndipo amete mofatsa chifukwa mutu wa nkhalamba suchedwa kuchekeka. Alaudin anayang'ana Jacinta, Jacinta anayang'ana pansi. Anayamba. Akati watha, ine ndimati kuseri kwa khutu kwatsala. Akapita kuseri kwa khutu, ndimati pankhongo pakuyabwa. Wandevu uja anafunsa ngati mutu wanga uli ndi maekala. Ndinamuuza kuti inde, ndipo ngolimidwa, osati tchire ngati chibwano chake.

Imvi zanga zonse zija, zimene bambo ako ankati ndisadzadule, zinatsala pansi pa Songani. Jacinta amaseka uku misozi ikutsika.

Titafika kunyumba analumikiza tizingwe take, anati kayera, n'kulembamo nzeru zatsopano zija, kawindo n'kumata tepi yakuda. Atabwezera chipucho m'malo mwake n'kuyatsa, makina analira kulira kuja ankalira Tione ali moyo. Ndinatuluka panja kaye. Usandifunse.

Kansalu kali mu envulopumu kakhudze ndi chala. Dzina lakolo apeta ndi makina amene unati ndi zitsulo.

Tsono pempho langa ndi ili. Muimbire mnzakoyo asawononge mafuta ake. Ndipo ku Joniko ufunefune kanyali ka yuvi kameneka utumize, Jacinta akhale ndi kakekake, pakuti tsitsi lina lometetsa ndilibe.

Kutchalitchi azimayi aona mpalawu ndipo akundifunsa kuti ndametera maliro a yani, bwanji sanamve uthenga. Ndikumayankha kuti palibe wafa. Koma galimoto ya ku Liwonde ikangoima pakhomo pano, ndidzawauza kuti ndametera iwe.

Mulungu akusunge, mwana wanga, uzivala juzi. Upereke moni kwa akazi ako, kwa Lisa ndi Hopeson, uwauze agogo awo akuwala ngati dzungu. Jacinta akuti moni amalume.

Ndine mayi ako,
Christobel