Diso Limene Kapenti Anajambula pa Butchala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Msana uja unakusiyani? Kuno ine ndi ana tilipo, amayi nawonso ayamba kuyenda opanda ndodo. Amene sali bwino ndi mng'ono wanu Kapenti. Ndati mumve kwa ine, musanamve zosokonekera kwa anthu.

Mukuikumbukira butchala yoyang'anana ndi shopu yanga yosokera ija? Mwini wake anaitana Kapenti kuti amujambulire khoma lakutsogolo. Ng'ombe anaikana, akuti ili pa butchala iliyonse. Ankafuna mkazi wake atanyamula mbale ya nyama, akumwetulira, kuti odutsa aziona kuti kunyumba kwake kumadyedwa bwino.

Mayiyo ndi kasitomala wanga wakalekale. Madiresi ake onse ndi a manja aatali, kolala yofika m'khosi, kaya kutenthe bwanji. Tsiku lina ndikumuyeza ndi tepi ndinaona mikwingwirima yakuda kuchokera paphewa mpaka m'nthiti. Ine sindinamufunse. Ntchito yanga ndimaitenga choncho: munthu azichoka pa makina anga akuoneka mmene iye akufunira kuti anthu amuone.

Kapenti ndiye satero, mukumudziwa. Timakangana kuyambira kale. Ine amanditcha wobisa anthu, ine ndimamuuza kuti burashi yake ilibe ulemu. Mayiyo anamukhalira pampando masiku angapo, diso lakumanzere lili lotupa, atalipaka paudala wambiri. Kenako Kapenti anatchinga khoma ndi lona n'kumagwira ntchito kuseri.

Loweruka m'mawa atachotsa lonayo, msewu wonse unaima. Diresi yobiriwira imene ndinasoka ine inalipo, makwinya ake onse. Mbale ya nyama inalipo, kumwetulira kunalipo. Diso lija nalo linalipo, lotupa, lakuda, paudala atalephera kulibisa. Palibe anaseka, achimwene. Tonse mumsewu muno tinkadziwa kale, koma tsiku limenelo panalibe kwina koyang'ana.

Mwini butchala anatuluka ndi antchito ake awiri odula nyama. Kapenti anali pamakwerero akumaliza zilembo za pamwamba. Anawakankha makwererowo, iye n'kugwera pa zitini za penti. Asanadzuke anayamba kumuponda ndi majombo, m'mimba, kumaso, paliponse. Kenako anamukokera pa chipika chodulirapo mafupa, mmodzi n'kumutambasula dzanja lamanja. Bwanayo anatenga nkhwangwa, naitembenuza kobuntha.

"Si iwe woona kwambiri? Tione mawa ujambula ndi chiyani."

Phokoso la zala zija zikuphwanyika ndinalimva ndili tsidya la msewu. Mpaka lero ndikamadula nsalu yolimba ndimalimva.

Mmene ndinawolokera msewu sindikudziwa. Ndinangozindikira sizasi yanga yaikulu yalowa pamkono wa amene anagwira Kapenti uja. Bwanayo anandimenya chibakera chapakamwa, ndinagwa, dzino lakutsogolo ndinalilavulira m'fumbi. Anakwezanso nkhwangwa, ndipo ndinadziwa kuti ulendo uno satembenuza.

Ndi pomwe mkazi wake anatuluka. Sanakuwe. Anaviika mpango wake m'ndowa yotsukira mipeni, napukuta paudala yense kumaso, n'kukaima pansi pa chithunzi chake, anthu onse akuona.

"Mukumuphera chiyani mwana wa eni? Wanama pati?"

Anthu aja, amene anangoima ngati mitengo nthawi yonseyi, anakhamukira pa bwanayo. Amayi ogulitsa tomato, onyamula katundu, ngakhale wometa wa pafupi nane uja amene amaopa ndi nkhuku yomwe. Anamulanda nkhwangwa, anamumenya ndi matabwa a makwerero omwewo, magalasi a butchala onse pansi. Apolisi akanachedwa pang'ono akanatola mtembo. Sindikunyadira, komanso sindikunamizani kuti ndinamumvera chisoni.

Kapenti ali m'chipatala. Nthiti ziwiri zathyoka, dzanja alimanga chikhakha. Adokotala akuti zala zitatu mwina sizidzapindikanso.

Nditapita kukamuona ndinamukalipira, ali chigonere choncho. Ndinamuuza kuti nkhope ija sinali yake, kuti asanaike manyazi a munthu pakhoma akanayamba wamufunsa mwini wake, pakuti amene akanakagona m'nyumba ya chilombo chija usiku umenewo si iye. Anati anayesa kujambula diso labwino kawiri konse, koma limatuluka la munthu wina. Kenako analira. Mayi wa pa butchala uja anali nane, chifukwa panopa akugona kwathu. Anati Kapenti akanamufunsa akanakana, ndipo akanakana mpaka tsiku lomunyamula m'bokosi. Anamupukuta misozi ndi dzanja lake. Ine mpaka pano sindikudziwa kuti wolondola ndani pakati pa ine ndi mng'ono wanuyu.

Bwana uja anatuluka pa belo. Abale ake apaka khoma lonse penti wakuda, ndipo dzana wina waponya njerwa pawindo la shopu, yaphwanya galasi lodziyang'anirapo makasitomala. Akuti dzanja linalo la Kapenti litsatira.

Tsono pempho langa ndi ili. Musabwere kuno. Mtima wanu ndimaudziwa, mukafika ndiye kuti amayi aziyendera mwana mmodzi kuchipatala, wina kundende. Mlandu tiusiye kukhoti, mboni ndi msewu wonse. Inu mukonze kachipinda kanu kakuseri kaja, Kapenti akangomutulutsa m'chipatala ndimukweza basi abwere kwanuko. Mumugulire mapepala aakulu ndi mapensulo, wayamba kale kukhwatchakhwatcha ndi dzanja lamanzere pa makatoni a mankhwala.

Akafika musamayang'ane chikhakhacho, ndipo alamu asamulirire pamaso. Mukhale pampando, mumuuze akujambuleni. Ngakhale mutuluke ngati mbuzi yonyowa, chithunzicho mukachikhomere pabalaza pamene alendo amakhala.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi akuti muzivala juzi. Mulungu akusungeni, ndipo mutikumbukire m'mapemphero.

Ndine mlongo wanu,
Telala wanu wa chigwelu