Simba Saphedwa Ine Ndili Moyo

Wokondedwa mwana wanga Lusekelo,

Monire kumeneko ku Blantyre. Kuno ku Lufita tili bwino, kupatula msana wangawu ndi galu wathu Simba. Wagwidwa ndi mphere, ubweya wonse wathothoka. Ndinamupaka oyilo wakuda wa njinga yamoto monga anandiuzira anzanga a Sichali, galuyo n'kunyambita, n'kusanza masiku awiri. Alangizi a ziweto anandikalipira ngati mwana wa sukulu, kenako anamubaya jakisoni.

Tsopano amayi ako akuti, "Ingomuphani, akutichititsa manyazi pamaso pa alendo." Ndawayankha kuti inenso tsitsi linathothoka kalekale, nanga bwanji akundiphikirabe? Ndakana, Simba saphedwa.

Unditumizire sopo wa mankhwala wosambitsira agalu. Malangizo usatumize, kuno achuluka kale. Ambuye akusunge pamodzi ndi ana.

Ndine bambo ako.