Chipewa Chanu Chidakali pa Msomali, Bambo

Bambo, lero zakwana zaka zisanu ndi chimodzi chitisiyireni. Chipewa chanu chakuda chija chidakali pa msomali kuseri kwa chitseko. Achemwali akuti ndi chofiirira, koma zimenezo inu simungadabwe nazo.

Timakumbukira mmene munkalandirira ophunzira atsopano a mbiri yakale ku yunivesite. Tsiku loyamba, mutangoyamba kuphunzitsa, Amayi ankalowa m'kalasi akukalipa, n'kukutsompholani chipewa kumutu, n'kutuluka chitseko n'kumenyetsa. Ana a eni ake kukamwa yasa! Inu osatekeseka, munkangowauza kuti aliyense alembe zimene waona. Mapepalawo munkabwera nawo kunyumba, tonse n'kumawerenga patebulo, kuseka mpaka nthiti kuwawa. Wina ankati Amayi anakumenyani mbama, wina ankati anabereka mwana kumsana, wina mpaka kulumbira kuti anamva fungo la mowa. Mawa lake munkawafunsa ophunzirawo kuti, ngati akusiyana chonchi pa zadzulodzulo zimene anaona ndi maso awo, angakhulupirire bwanji buku lonena za zaka mazanamazana zapitazo asanafunse kuti analemba ndani, ankamudyetsa ndani, nanga ndani sanapatsidwe mpata wolankhula. Mpaka lero madoda a imvi amaimitsa Amayi pamsewu kuwafunsa za mbama ija imene sinachitike.

Koma ife ana anu, amene tinakulira m'phunziro lomweli, ndi amene tinalephera mayeso. Achimwene ndi achemwali anakangana pa mawu anu omaliza kuchipatala. Achimwene ankati munalamula kuti mabuku anu apite ku laibulale, achemwali ankati munanena kuti akhale m'nyumba muno kuti adzukulu adzawerenge. Onse awiri analipo tsikulo, ndipo palibe wabodza pakati pawo. Nkhani inakula mpaka moni anasowa, moti chaka chatha chikumbutso chanu sichinatuluke m'nyuzipepala chifukwa panalibe wofuna kukhala pansi ndi mnzake kuti tilembe. Zinatipweteka kwambiri, Bambo.

Mwezi watha Amayi anatiitana tonse. Titakhala pabalaza, aliyense atayang'ana kwake, iwo anatulukira ndi ndodo yawo, akutsimphina, akukalipa ngati kale lija. Anatsomphola chipewa chanu pa msomali n'kutuluka, ndipo pobwerera anatigawira mapepala. Achimwene analemba kuti Amayi ankalira. Achemwali analemba kuti ankaseka. Ine mzime wanu ndinaona zonse ziwiri. Atawerengerana anayang'anana kanthawi, kenaka achimwene ndi amene anayamba kuseka, misozi ili mbwembwembwe. Za mabuku sitinamalize, koma tikukambirana patebulo lanu lija, ndipo mawu awa talemba tili pamodzi.

Amayi amakusowani, ife ana anu atatu timakusowani, ngakhalenso adzukulu amene amakudziwani kudzera m'nkhani zathu zosiyanasiyanazi. Aliyense amakukumbukirani mwakemwake, Bambo, koma pa ichi chokha mboni zonse zagwirizana: sitidzakuiwalani.