Belo la fodya pampando wa aNaphiri

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira, koma mtima wanga watandala pamsewu.

Kagalimoto kanga ka mipando iwiri, kamene bwana wa pa esiteti anandisiyira, tsopano kafupika ngati fulu. Masipuling'i aafupi alowa bwino, koma mashoko akale atalika, moti kakagunda dzenje mano amachita kuwombana. Makaniko wa ku Chamama wabweretsa mashoko ena ochepetsa kugwedezeka, olimba ndi ofewa. Akuti, "Madala, timasankha poona kulemera kwa okwera."

Akazi anga aNaphiri anali kudimba, ndiye poyesa mashokowo ndakweza belo la fodya pampando wawo, n'kulimanga duku lawo. Ndi olimba aja kagalimoto kayenda ngati kakuyandama. Ndimangodziona Lamulungu, ine ndi iwo tikulowa mu Mtunthama, fumbi lili m'mbuyo, monga ndinawalonjezera powafunsira.

Pobwerera ndawapeza pakhomo. Ayang'ana belo, ayang'ana duku lawo. "Abambo, ndine wonenepa chonchi? Mupite naye yemweyo mkazi wanuyo."

Chonsecho iwo ndi opepuka ngati tsekera, mwina oyenera ndi ofewa aja. Makaniko akufuna yankho mawa, ndipo popanda iwo kukhalapo pampando sindingasankhe. Ndayesa kupepesa kawiri, koma ndikangotsegula pakamwa, kuseka kumayamba ndiko...