Dzino la Bambo Lomwe Sindinasalaze

14 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Ndikulemba pa nthawi yopuma masana, m'chipinda changa chochiziramo mano, ndipo khomo likangogogodedwa ndikumadzidzimuka.

Mukukumbuka kuti miyezi isanu ndi umodzi yapitayo ndinamata dzino lakutsogolo la bambo, lija linabenthuka. Ndinakuuzani kuti zinayenda bwino. Ndinakunamizani, achemwali.

Tikamata dzino ndi chomatira choyera chija, ntchito imakhala isanathe. Pamafunika kusalaza ndi timagudumu ting'onoting'ono, kuyamba ndi kokhakhala mpaka kosalala, kuti pawale ngati dzino lenileni. Pakatsala pokhakhala, tiyi amadetsapo, zakudya zimakanirirapo, ndipo chomatiracho sichikhalitsa. Ndi ntchito ya mphindi khumi basi. Koma tsiku limenelo pakhonde panali podzaza, wina akubuula ndi tsaya lotupa, timagudumu tija tili kowiritsidwa. Ndinangopalapala pamwamba n'kunena kuti, "Zatha, bambo."

Bambo anayendetsa lilime padzinopo, n'kundiyang'ana. "Zatha?" Ine ndinati, "Zatha." Anavala chipewa chawo, n'kuthokoza, n'kumapita.

Tangoganizani, kunamiza kalipentala! Munthu amene ankatibweza ndi sandipepala katatu pa mwendo umodzi wa tebulo, ife manja ali tuu ndi fumbi.

Mwezi watha amayi anandiimbira foni kuti bambo asiya kuseka pagulu. Akamalankhula ndi makasitomala amaphimba pakamwa ndi dzanja. Dzino lija lada m'mphepete, nkhama zikutuluka magazi akamatsuka. Mukudziwa chomwe ndinayankha? Ndinati achepetse tiyi. Manyazi akundigwira polemba izi.

Loweruka ndinalephera kupirira, ndinapita kushopu kwawo. Ndinawapeza akupukuta chitseko cha kabati. Nditawapempha kuti atsegule pakamwa, ndinadzionera ndekha. Chomatira chayamba kubenthuka m'mbali, ndipo pansi pake payamba kuwola. Tikachedwa, dzinolo lidzafunika kuzula, lakutsogolo lenileni.

Ndinawauza zonse, osabisa kanthu. Iwo sanasiye kupukuta.

"Ndinadziwa ndisanatsike pampando paja," anatero. "Lilime langali limamva pokhakhala kuposa zala."

"Nanga bwanji simunanene, bambo?"

"Pamaso pa anzako akuntchito? Ndimati undiitana wekha mawa lake. Ndadikira, mwana wanga. Kenako ndamva zoti ndi tiyi."

Amayi akuti anawauzapo kangapo kuti apite kwa dokotala wina, koma anakana. Akuti safuna mlendo aone ntchito ya mwana wawo ili choncho. Pamenepo ndinalira, achemwali, pakati pa mipando ya anthu.

Ndinawapempha kuti abwere Lolemba m'mawa ndidzachotse chakalecho n'kumata bwinobwino. Anangoti, "Ndamva." Lolemba sanabwere. Lachiwiri sanabwere. Lero ndi Lachinayi, ndipo tsiku lililonse ndikumasiya malo oyamba pamndandanda wa odwala opanda munthu, timagudumu tonse nditatindandalika pathireyi. Anzanga ayamba kundiseka kuti ndikudikira nduna. Sindikudziwa ngati akwiya kapena akufuna nane ndilaweko kudikira, koma dzino silidikira ayi.

Chonde aimbireni, inu amakumverani. Musawaopseze ndi zozula, mukudziwa kuti akaopsezedwa ndiye amaumiratu khosi. Mungowauza kuti mwana wawo ali ndi ntchito yomwe sanamalize, ndipo sangaimalize popanda iwo.

Mupereke moni kwa alamu. Ana muwauze kuti azitsuka mano, ngakhale panopa sindikudziona woyenera kulangiza munthu. Chithunzi cha banja chomwe munapempha chija mudikire pang'ono. Ndikufuna bambo adzajambulitse dzanja lili pansi.

Ndine mng'ono wanu,
uja bambo ankamutcha Waphuma