Magazi a m'bwato la Zuze

Mwana wanga Esinati,

Landira moni kuchokera kuno kwa Mlolo. Amayi ako ali bwino, koma ine mtima suli m'malo, pansi sindikukhazikika.

Mlongo wako Zuze ali m'chitokosi cha apolisi. Anapita kokoka ukonde ndi mnzake Alfazema, n'kubwera naye atamwalira, ali ndi bala m'mutu. Zuze akuti mvuu inagunda bwato, mnzakeyo n'kumenyetsa mutu m'mphepete mwa bwatolo. Abale a malemu akuti anamumenya ndi nkhafi.

Kunabwera wapolisi wamkazi kudzaona bwatolo. Akuti munthu akamenyedwa magazi amawazika timadontho patali, koma akagwa yekha amangodikha pamalo amodzi. Atapeza bwato lili mbee, anagwira m'mutu.

"Agogo, watsuka ndani?"

"Ndine, ndi mchenga," ndinatero. "Mumafuna ng'ona zilondole fungo mpaka padooko pomwe akazi amatunga madzi?"

"Mwatsuka umboni wa mwana wanu."

Ndinamuuza kuti kusukulu sindinapondeko, koma ndakalambira pa Shire, ndipo bwato la magazi siligonekedwa padooko. Sindinalakwe ine. Koma mawu akewo akundizungulirabe m'mutu.

Anati mwina m'ming'alu ya bwatolo mwatsalako magazi, adzabwera ndi mankhwala oonetsa magaziwo. Ndiye bwatolo ndalikokera kumtunda, ndalifunditsa udzu, ndikulilondera ndekha. Koma madzi ayamba kale kukwera.

Iwe uli ku Blantyre komwe kuli akuluakulu a apolisi. Kawauze afulumire chigumula chisanalitenge. Usaimbe foni ayi, pita ndi miyendo yako.

Mulungu akusunge.

Ndine bambo ako.